Bwalo la Milandu: Kuchoka Pamtengo Kulowa M'nyumba

Anzanga, kwathu kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, makolo athu ankazengera milandu pansi pa mtengo waukulu. Panalibe khoma kapena chitseko, kotero munthu aliyense ankamva mmene mfumu ndi nduna zake akuweruzira.

Zomba itakhala likulu la Boma m'chaka cha 1891, Azungu anadza ndi makhoti ao. Tsono mu 1933 anakhazikitsa lamulo lovomereza mabwalo a mafumu, ndipo pang'onopang'ono milandu inayamba kulowa m'nyumba.

Mukapita kutchuthi, kapenyeni bwino nyumba yakale yotere. Zambiri nzanjerwa, ndipo denga lakhala pa mizati. Kutsogolo anakweza pansi kuti woweruza aoneke. Makoma a m'mbali ngafupi, olekeza m'chiuno. Chifukwa ninji? Mphepo ipite, inde, komanso amene asowa malo aimirire panja namva zonse monga kale pamtengo paja.

Koma khoma lalifupi palokha silibweretsa chilungamo. Mu 1969 mabwalo ena a mafumu anapatsidwa mphamvu yozenga ngakhale milandu yakupha, ndipo maloya sankaloledwa kulowamo. Bwalo lotere ku Blantyre ndilo linagamula mu 1983 kuti a Orton Chirwa ndi akazi ao a Vera aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa, koma a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mabwalowo anatha mu 1994.

Akuluakulu amati mlandu suola. Ena mwa ife tidzakhala oweruza; tsiku limenelo tidzakumbukire anthu oimirira panja aja.

Wophunzira wa Folomu 3