Msambo ukayandikira, mtima osakhazikika: PMDD n'chiyani?

Taganizirani mtsikana wa Fomu 3 ku Likuni. Kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti asambe, amangolira, kupsa mtima msanga, tulo osabwera, m'kalasi mutu osagwira. Msambo ukayamba, pakapita masiku ochepa ali bwinobwino. Mwezi wamawa, zomwezo. Anzake amati n'zamatama, koma akhoza kukhala matenda otchedwa PMDD, omwe bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda mu 2019.

Chimachitika n'chiyani? Dzira likatuluka, mahomoni a progesterone ndi oestrogen amakwera kenako n'kutsika. Ubongo wa atsikana ambiri umapirira. Kwa ena kusinthaku kumasokoneza serotonin, kemikolo ya mu ubongo yothandiza kuti mtima ukhale m'malo.

N'chifukwa chake madokotala amapereka mankhwala omwewo a nkhawa ndi kukhumudwa, monga fluoxetine. Pa matenda a kukhumudwa amatenga masabata angapo kuti agwire. Pa PMDD amatha kugwira m'masiku ochepa, moti ena amamwa masiku 14 okha asanasambe.

Lembani mmene mukumvera tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, mukaonetse kuchipatala cha Likuni, Mitundu kapena Nathenje. Osagula nokha mankhwalawa. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo.