Thebulo la Makina Osokera Opondera

Kodi munaimapo pa khonde la sitolo kuonerera telala akusoka? Ambiri a inu maso amakhala pa singano ndi pa nsalu. Tsiku lina mudzayang'ane pansi pa thebulo, pamene pali mapazi a telalayo, chifukwa mphamvu yonse yoyendetsa makina imachokera pamenepo.

Thebulo limeneli lili ndi miyendo yachitsulo. Pakati pa miyendoyo, chapansi, pali chopondera. Telala akachikanikiza ndi zala za kumapazi, kenaka ndi zidendene, chimapendekera kutsogolo ndi kumbuyo. Potero chimakoka kandodo kolumikizidwa ku gudumu lalikulu, ndipo gudumulo limayamba kuzungulira. Lamba wachikopa amachokera pa gudumu limeneli, nadzera pa zibowo ziwiri za m'thabwa, nakakola kagudumu ka pa mutu wa makina. Popeza gudumu la pansi ndi lalikulu, likazungulira kamodzi, kagudumu ka pamwamba kamazungulira kangapo. Ndicho chifukwa chake singano imathamanga ngakhale mapazi akuponda mosafulumira. Manja onse awiri amangotsala ndi ntchito yowongolera nsalu.

Makina ambiri akale otere ali ndi dzina lakuti Singer. Isaac Singer anali wa ku America, ndipo boma la kwawo linavomereza makina ake m'chaka cha 1851. Pambuyo pake kampani yake inamanga fakitale yaikulu ku Clydebank, pafupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland. Makina a kumeneko anatumizidwa ku maiko ambiri mpaka fakitaleyo inatsekedwa mu 1980.

Magetsi atafika m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America, anthu anayamba kukonda makina a magetsi. Mathebulo akale aja anaponyedwa m'zipinda zosungira katundu, ena anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Lero alipo anthu kumeneko amene amawafunafuna m'misika ya zinthu zakale. Akapeza miyendoyo amaitsuka, naikapo galasi kapena thabwa, ndipo limasanduka thebulo lomwerapo tiyi kapena loikapo maluwa. Limakongola ndithu, koma gudumu lake silikhalanso ndi choyendetsa.

Kuno kwathu thebulo lotere ndi chuma. M'midzi yambiri mulibe magetsi, ndipo ngakhale m'tauni nthawi zina amazima. Telala wa makina opondera sasiya kusoka yunifolomu yanu chifukwa cha zimenezo. Kotero munthu wanzeru akaona miyendo ya makina itatayidwa kuseri kwa nkhokwe, saiyesa chinyalala.

Poyamba amaona ngati chitsulo chili ndi mng'alu. Miyendo imeneyi anaipanga pothira chitsulo chosungunula m'zikombole. Chitsulo chotere chimakhala zaka zambiri osapindika, koma chikagwa pa mwala chimasweka ngati mphika, ndipo kuchiwotcherera n'kovuta. Kenaka amaponda chopondera kuti aone ngati gudumu likuzungulira. Dzimbiri lisamuopse: amalipala ndi burashi ya waya, nathira palafini pang'ono m'molumikizira monse kuti litsiro lifewe. Akapukuta amadonthezamo oilo, napaka miyendo penti wakuda.

Kawirikawiri thabwa la pamwamba ndilo limayamba kuwonongeka ndi chiswe kapena chinyezi. Imeneyo ndi ntchito ya kalipentala. Iye amapala thabwa lina la mbawa kapena la mlombwa, nasema malo okhalapo mutu, naboola zibowo za lamba. Zibowozo ziyenera kulunjikana ndi magudumu onse awiri. Zikapatuka pang'ono pokha, lamba amakhula thabwa ndipo amavuka kawirikawiri. Mutu wa makina sufunika kukhala wa msinkhu umodzi ndi miyendo. Mutu watsopano wa Butterfly wochokera ku China ungathe kukhala pa miyendo imene inasokerapo agogo anu.

Chotsiriza ndicho lamba. Amamudula molingana ndi mtunda wa pakati pa magudumu, nalumikiza nsonga zake ndi kawaya. Akathina kwambiri makina amalemera kuponda. Akakhwepa, gudumu la pansi limazungulira lokha, singano ili chiimire. Pamene akuyesa, ana aang'ono aziima patali, pakuti gudumu likathamanga limatha kupana chala. Zonse zikakhala bwino, mwini wake amatenga kansalu kakutha, naika mapazi pa chopondera, nasoka mzere woyamba.