Zimbudzi ndi Mabwalo a Masewero m'Sukulu za Sekondale

Pamene Boma linatsegula sukulu za sekondale zoyendera m'chaka cha 1998, ana ambiri a m'midzi ya Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu anapeza malo ophunzirira, koma zimbudzi ndi mabwalo sizinachuluke monga anachulukira ana. M'chaka cha 2015 Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa miyeso imene oyendera sukulu amatsata, ndipo chitetezo cha ana chili m'gulu la miyesoyo.

Bungwe la WHO linalangiza mu 2009 kuti chimbudzi chimodzi chikhale cha atsikana 25, ndipo anyamata 50 akhale ndi chimbudzi chimodzi ndi pokodzera. Chiwerengero chimenechi sichachabe ai. Mtsikana amene ali kumwezi akasowa madzi ndi chipinda chosinthiramo amangokhala kunyumba, ndipo masiku otayikawo amadzaonekera pa mayeso a MSCE. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa ndi masabata awiri kutsegulidwa kwa sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre.

Za masewero nzopepukirapo, pakuti bwalo la mpira wamiyendo kapena wa ntchemberembaye lifuna malo, makasu ndi chilolezo cha mfumu. Anthu a ku Nkhoma, kumene mishoni inakhazikika mu 1896, anazolowera kumanga sukulu ndi manja awo. Chimene chimawavuta ndi simenti, popeza dzenje losawaka limagumuka m'dzinja.