Diso la Rozi Limagoneranji?

Pitani pa mtengo wa maluwa a rozi. Yang'anitsitsani pamene tsamba lagwirana ndi nthambi. Muona kanthu kakang'ono kotupa. Limeneli ndi diso, longa maso a nzimbe aja. M'kati mwake muli nthambi yatsopano, koma ili m'tulo. Ikhoza kugona miyezi yambiri, ngakhale muzithirira tsiku ndi tsiku.

Nanga chimaligoneka n'chiyani? Ndi nsonga ya nthambi yomweyo.

Nsonga imapanga mankhwala akeake otchedwa auxin. Ndi ochepa zedi, sitingawaone. Mankhwalawa amatsika m'nthambi kulowera kumizu, ndipo akamadutsa maso a m'munsi saphuka. Chakudya nacho chimathamangira kunsonga. N'chifukwa chake rozi wosadulira amangotalika ngati bango, maluwa awiri kapena atatu basi.

Izi si zongoganiza ayi. Mu 1933 akatswiri awiri ku America, a Kenneth Thimann ndi a Folke Skoog, anayesa pa mbewu ya mtundu wa nyemba. Atadula nsonga, maso anaphuka. Koma atapaka auxin pabala paja, maso anapitiriza kugona ngati nsonga ikadalipo.

Palinso mankhwala ena otchedwa cytokinin. Ambiri amapangidwa kumizu n'kukwera m'mwamba. Amenewa ndiwo amadzutsa diso. Mukadula nsonga, auxin amachepa, cytokinin amachuluka, ndipo shuga wa m'masamba amafika padiso. Pakapita masiku pang'ono, mphukira ija yatuluka. Koma diso la rozi limafunanso kuwala. Pamdima siliphuka.

Alimi a fodya izi mumazidziwa kale. Mukathena fodya, si paja mphukira zimabuka paliponse, inu n'kumavutika kuzichotsa? Nkhani yake ndi yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa rozi mphukirazo ndi zimene tikufuna, pakuti duwa limabwera kunsonga ya nthambi yatsopano.

Tsono podulira musamangodula paliponse. Diso limene latsala pamwamba ndilo limayamba kudzuka, ndipo nthambi imalowera kumene disolo layang'ana. Sankhani diso loyang'ana kunja kwa mtengo, kuti pakati pazilowa dzuwa ndi mphepo. Dulani pamwamba pake pang'ono, mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa. Mukasiya chitsa chachitali chimauma, nthawi zina n'kuwola mpaka padiso. Kuno kwathu nthawi yabwino yodulira kwambiri ndi mwezi wa Julaye, kukadali kozizira. Mukatero thirirani ndi kuika manyowa.