Kuthawa chisanu cha ku Domasi: mmene ulendo wa kunyanja yamchere umakonzedwera

Chinthu choyamba chimene ife okonza maulendo timayang'ana ndi mwezi. Zotsatsa zambiri za pa intaneti zonena za kuthawa chisanu zimalembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene kumazizira kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Kuno miyezi imeneyo ndi ya dzinja, ndipo m'mphepete mwa nyanja ya India kumakhala kutentha kwa thukuta, nyengo ya anamondwe itayamba kale. Namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, Gombe anakantha chigawo cha Nampula mu Malichi 2022, ndipo Freddy, amene anthu a kummwera kuno sadzamuiwala, anafika mu Malichi 2023. Munthu wa ku Domasi ali ndi mwayi chifukwa chisanu chake chimagwa pa nthawi yabwino. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mapiri a Zomba ndi Malosa, ana n'kumapita kusukulu manja ali m'khwapa, kugombe la Mozambique ndi Tanzania kumakhala kofunda bwino, mvula itadula, udzudzu nawo utachepa.

Aphunzitsi a ku Domasi College of Education ndi a m'sukulu za m'derali amapeza mpata pa tchuthi chachikulu, chakumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti. Vuto lake n'lakuti azungu nawonso amakhala ali pa tchuthi, choncho malo ogona ku Zanzibar amadzaza ndipo mitengo imakwera. Amene angathe kunyamuka mu Juni kapena mu Sepitembala amapeza dzuwa lomwelo pa mtengo wotsikirapo. Ndipo si dziko lililonse la kunyanja limene limafunda nthawi imeneyi. Cape Town mu Juni kumagwa mvula yozizira, ndipo usiku wa ku Johannesburg umaposa wa ku Zomba kuzizira kwake.

Kwa munthu wochokera ku Domasi, njira zenizeni zilipo ziwiri, ya kummawa ndi ya kumpoto. Ya kummawa ndiyo yaifupi, ngakhale ambiri saiganizira n'komwe. Msewu wa M3 wodutsa pa Domasi umapita ku Liwonde ndi ku Mangochi, n'kukwera mapiri kudzera ku Namwera mpaka pachipata cha Chiponde. Tsidya linalo ndi Mandimba, ndipo kuchokera apo galimoto zimapita ku Cuamba. Palinso chipata cha Nayuchi, moyang'anizana ndi Entre Lagos, pa njanji imene inatsegulidwa mu 1970 kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala. Pakati pa Cuamba ndi Nampula pamayenda basi komanso sitima ya anthu, imene imatenga pafupifupi tsiku lonse koma imadutsa pakati pa mapiri amiyala ongoti njo pachidikha. Masiku oyendera sitimayi amasinthasintha, choncho wokonza ulendo wanzeru amaika tsiku limodzi lapadera ku Cuamba, kuti zikavuta ulendo wonse usasokonekere. Kuchokera ku Nampula pamatsala makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Ilha de Moçambique.

Chilumba chimenechi ndi chaching'ono, chotalika makilomita atatu okha, moti munthu amachimaliza wapansi ola lisanakwane. Mlatho wake wopita kumtunda ndi wautali kuposa chilumbacho, komanso wopapatiza, moti galimoto zimapatsana mpata pa malo okonzedwa. Vasco da Gama anaima pano mu 1498, ndipo chilumbachi chinakhala likulu la Apwitikizi m'dziko la Mozambique mpaka 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Kumapeto kwake kuli linga lalikulu la São Sebastião, ndipo kuseri kwa lingalo, pamwala umene mafunde amamenya, pali katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte komangidwa mu 1522, kamene kamatengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri ya azungu imene ikadalipo kummwera kwa dziko lapansi. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo osungidwa mu 1991. Koma mlendo asathere nthawi yonse kumbali ya nyumba zamiyala. Anthu ambiri amakhala ku Macuti, kumene nyumba zili m'munsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira tauni ya azungu inakumbidwa pamenepo. Kumeneko amayi amayenda nkhope zitayera ndi mussiro, ufa wa mtengo umene amapera pamwala n'kupaka, ndipo madzulo asodzi amakocheza ngalawa zamatanga n'kuyala nsomba pamchenga. Wodziwa Chilomwe amamva zambiri za Chimakuwa chimene chimayankhulidwa kumeneko, monganso wodziwa Chiyawo savutika ku Mandimba.

Kwa munthu wa m'dera la Domasi, ulendo umenewu si wachilendo kwenikweni. Amalonda Achiyawo ankayenda wapansi kuchokera kumtunda kuno kupita kugombe moyang'anizana ndi chilumbachi, enanso ku Kilwa, atasenza minyanga ya njovu, ndipo pambuyo pake anatenganso anthu ogwidwa ukapolo. Pobwera ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi Chisilamu. Mwana wa sukulu amene waona ndi maso ake kumene njirayo inkathera amamva mbiri ya kwawo mwa mtundu wina, ndipo ichi chokha n'chokwanira kuti makomiti a sukulu aziuganizira ulendowu.

Chenjezo ndi lakuti kumpoto kwa Pemba, m'chigawo cha Cabo Delgado, kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo malo ngati Palma ndi Mocímboa da Praia si opitako kukasangalala. Zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 zinatsekanso misewu yambiri m'dzikolo kwa milungu ingapo. Nkhani za kumene munthu akupita ziyenera kumvedwa mpaka tsiku lonyamuka.

Njira ya kumpoto ndi yaitali koma Amalawi ambiri amaidziwa chifukwa cha geni. Basi imadutsa ku Karonga, n'kuwoloka mtsinje wa Songwe kulowa ku Kasumulu, kenako Mbeya, Iringa, nkhalango ya Mikumi kumene nyama zimaoneka pawindo, Morogoro, mpaka Dar es Salaam. Ku Mbeya munthu angathenso kukwera sitima ya TAZARA. Amene thumba lake likulola amakwera ndege ya Malawi Airlines n'kupulumutsa masiku awiri a m'njira. Pa Songwe wotchi imakankhidwa ola limodzi kutsogolo, pomwe ku Mozambique nthawi ndi yofanana ndi yathu. Aswahili amawerenganso maola kuyambira mbandakucha, moti kondakitala akatchula ola loyamba akunena 7 koloko m'mawa. Pogula tikiti n'kofunika kumupempha alembe nthawiyo papepala.

Ambiri akafika ku Dar es Salaam amangodziwa msika wa Kariakoo basi, chonsecho msika wa nsomba wa Kivukoni m'mamawa ndi nyumba yosungiramo zakale ya dzikolo ndi zoyenera tsiku lathunthu. Sitima zothamanga zopita ku Zanzibar zimatenga maola awiri. Pa doko pamakhala anyamata ambiri oitanira, ndipo tikiti yodalirika ndi yogula pawindo la kampani yeniyeniyo. M'miyezi yathu yozizira kumawomba mphepo ya kummwera imene eni ake amati kusi, ndipo nyanja imawinduka kwambiri masana, choncho amene amachita chizungulire akwere ya m'mawa. Ku Stone Town ku Zanzibarko, kumene UNESCO inakuzindikira mu 2000, kuli tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chimene chinayamba kumangidwa mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo. Anachimanga ndi amishoni a UMCA, omwe aja anayamba ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie, n'kusamukira ku Zanzibar zinthu zitavuta, kenako n'kudzakhazikika ku Likoma. Mkhristu wa ku Malosa akalowa m'tchalitchimo amakhala walowa m'nyumba ya makolo a mpingo wake.

Za mapepala si zovuta monga mmene anthu amaopera. Mmalawi safunika viza kuti akacheze kwa masiku ochepa ku Mozambique kapena ku Tanzania. Chofunika ndi pasipoti imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe mphamvu, yokhala ndi masamba opanda chidindo. Kupangitsa pasipoti kumatha kutenga nthawi, n'chifukwa chake ulendo wa mu Julayi umayamba kukonzedwa chaka chikangoyamba. Pachipata, munthu aonetsetse kuti chidindo chamenyedwa ndiponso awerenge masiku amene wapatsidwa, chifukwa kupyola tsiku limodzi lokha kumabala chindapusa. Zanzibar ili m'dziko la Tanzania, komabe pasipoti imaonedwanso pofika, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 boma la kumeneko linakhazikitsa inshuwalansi yakeyake ya alendo, imene ndi bwino kuifunsiratu musananyamuke. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever limafunsidwa makamaka kwa amene adzera m'mayiko okhala ndi matendawa, monga Kenya ndi Ethiopia. Woyenda pa galimoto yake anyamule blue book, kalata ya mwini wake ngati galimotoyo ndi yobwereka, ndi ndalama za inshuwalansi ya pachipata. Ku Mozambique apolisi a pamsewu amafunanso kuona jekete yonyezimira ndi matrayango.

Ndalama ndiye pagona nkhani. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wakunja unakwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama zakunja sizipezeka tsiku limene munthu wazifuna. Kwacha imasinthika pachipata pokha. Ukalowa mkati, ku Nampula amafuna metikali ndipo ku Dar es Salaam amafuna shilingi. Wapaulendo apite kubanki kukadali milungu ingapo, atanyamula pasipoti ndi umboni wa ulendo, afunsenso malire a ndalama zimene khadi lake lingatulutse kunja. Madola ong'ambika kapena akalekale amakanidwa. Osintha ndalama a pachipata amawerenga mwachangu kwambiri, ndipo lamulo lake ndi kuwerenga wekha zimene walandira usanapereke zako. Powerengera bajeti, ife timaika padera gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse, losakhudzidwa mpaka tsiku lobwerera. Gawo limeneli ndi limene limagoneka munthu basi ikafa pa Iringa.

Anthu ambiri amaganiza kuti wokonza maulendo ali ndi chinsinsi china. Ntchito yake ndi kusungitsa malo, kulumikiza basi ndi sitima kuti zigwirizane, ndi kudziwa woimbira foni zinthu zikasokonekera. Phindu lake limachokera pa kachigawo kamene malo ogona amamupatsa kapena pa ndalama imene amawonjezera pamwamba, ndipo wachilungamo sabisa zimenezi. Akatchula mtengo wa zonse pamodzi, wapaulendo afunse chimodzichimodzi zimene zilimo. Mawu akuti bed and breakfast akutanthauza pogona ndi kadzutsa basi, half board akuwonjezerapo chakudya chamadzulo, ndipo zolipira pakhomo la linga kapena pa ngalawa nthawi zambiri sizikhalamo. Musanapereke ndalama, pemphani nambala ya kusungitsa malo ndipo imbirani eni malowo kuti atsimikize. Gulu la anthu khumi limene lasonkherana kudzera ku banki m'khonde kapena chipereganyu limatha kukambirana mtengo bwino kuposa banja limodzi, bola ndalamazo zisungidwe ku akaunti yosainira anthu angapo.

Chotsala ndi nyanja yeniyeniyo, imene imadabwitsa ngakhale wokulira ku Mangochi. Nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umathira, imaphwa kamodzi pa zaka zambiri, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995, koma nyanja yamchere imaphwera ndi kudzazanso kawiri pa tsiku. Ku Paje ndi ku Jambiani, kummawa kwa Zanzibar, madzi amathawa kutali kwambiri, amayi n'kulowa kukasamalira minda yawo ya ndere zimene amamangirira pa zingwe ndi zikhomo. Mlendo amene watsatira madziwo osayang'ana nthawi amadzazindikira atazingidwa. Ku Nungwi, kumpoto, madzi sathawa kwambiri ndipo munthu amasambira nthawi ina iliyonse. Pamiyala pamakhala tizilombo takuda taminga ngati kanungu, ndipo nsapato zapulasitiki zimateteza mapazi. Ana asalowe m'madzi popanda wamkulu, ndipo ngalawa yopanda majekete oyandamitsa isakweredwe ngakhale mtengo wake utsike chotani. Pakati pa Julayi ndi Okutobala anamgumi amadutsa m'mphepete mwa Mozambique, ndipo eni ngalawa a ku Ilha amadziwa kumene amaonekera.

Anthu a m'magombe amenewa ambiri ndi Asilamu, choncho zovala zosambira zimathera pamchenga. M'tauni, chitenje ndi malaya ophimba mapewa n'zokwanira, ndipo munthu asajambulidwe asanapemphedwe. Malungo aliko ngakhale m'nyengo yozizira, choncho chipinda chopanda neti chikanidwe, ndipo madzi akumwa akhale a m'botolo kapena owiritsa. Mapulagi a ku Tanzania ndi ofanana ndi athu, koma ku Mozambique mabowo ake ndi obulungira, moti tchaja ya foni imafuna adaputa. Simu khadi ya kumeneko imagulidwa poonetsa pasipoti, ndipo imatchipa kuposa kuyendera ya kwathu. Pobwerera, malisiti a katundu wogulidwa ku Kariakoo kapena ku Nampula asungidwe pafupi, chifukwa a MRA amawafuna pachipata. Thupi likatentha m'milungu yoyamba mutafika kumudzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse malungo, ndipo muwauze adokotala kumene munali.