N'chifukwa chiyani tchimo limativutitsabe ngakhale tinapulumutsidwa?

Pali funso limene abusa ndi akulu ampingo athu muno mu Lusaka amalimva kawirikawiri, ngakhale kuti silifunsidwa pagulu. Limafunsidwa mapemphero atatha, kuseri kwa tchalitchi, kapena pa foni usiku. Munthu analandira Yesu zaka zapitazo, anabatizidwa, amadya Mgonero, koma mkwiyo uja ulipobe, chilakolako chija chimabwerabe, bodza limangotuluka lokha pakamwa. Ndiye amafunsa kuti, kodi ndinapulumutsidwadi ine?

Funsoli si laling'ono, pakuti amene sapeza yankho amawonongeka m'njira zingapo. Ena amayamba kujomba ku Mgonero, kenaka osaonekanso kutchalitchi. Ena amapita kutsogolo kukalandiranso Yesu pa msonkhano uliwonse wa chitsitsimutso, poganiza kuti ulendo woyamba uja sizinagwire. Ena amatha ndalama pogula mafuta ndi madzi kwa aneneri olonjeza kuchotsa tchimo usiku umodzi. Ena amangophunzira kuvala nkhope ya Lamlungu, nkhondo yawo n'kumamenya okha. Tikufuna tifotokoze zimene Malemba amaphunzitsa pa nkhaniyi, ndi zimene mpingo wakhala ukuvomereza kuyambira kale.

Chimene chinachitika titakhulupirira

Baibulo limakamba za chipulumutso m'magawo atatu. Loyamba ndi kulungamitsidwa. Mulungu amatikhululukira ndi kutiyesa olungama chifukwa cha imfa ndi kuuka kwa Khristu. Izi zimachitika kamodzi, ndipo mlandu umatheratu, monga Paulo akuphunzitsira pa Aroma 5:1 ndi 8:1. Lachiwiri ndi kuyeretsedwa, ntchito ya Mzimu Woyera yotisintha pang'onopang'ono kuti tifanane ndi Khristu. Ntchito imeneyi imatenga moyo wonse. Lachitatu ndi ulemerero umene tidzalandire pamene tidzamuona maso ndi maso, tchimo litachokeratu mwa ife (1 Yohane 3:2).

Chisokonezo chimabwera pamene tiyembekezera gawo lachitatu pa tsiku la gawo loyamba. Pa tsikulo chilango cha tchimo chinachotsedwa, ufumu wake pa ife unagwa, koma tchimolo likadali pafupi. N'chifukwa chake pa Aroma 6:12 Paulo akulamula anthu obatizidwa kale kuti asalole tchimo kuchitanso ufumu m'matupi awo. Lamulo lotere likanakhala lopanda ntchito tchimo likanakhala kuti linafa osasiya mbewu.

Mbiri ya dziko lathu ingatithandize kumvetsa. Pa 24 Okutobala 1964 mbendera ya atsamunda inatsika ndipo Zambia inakhala dziko lodzilamulira. Ufuluwo unali weniweni kuyambira usiku womwewo. Komabe m'mawa mwake malamulo ambiri akale anali kugwirabe ntchito, migodi inali m'manja mwa makampani akunja mpaka pamene boma linalengeza ku Matero mu 1969 kuti litenga magawo 51 pa 100, ndipo maganizo odziona otsika anakhalabe m'mitima ya anthu kwa zaka zambiri. Palibe amene anganene kuti tinalibe ufulu chifukwa cha zotsalirazo. Wolamulira anali atasintha, koma ntchito yomanga dziko inali itangoyamba. Moyo wa mkhristu uli chimodzimodzi.

Baibulo silibisa nkhondoyi

Petro anadzazidwa ndi Mzimu pa Pentekoste, nalalikira, anthu ngati 3,000 n'kubatizidwa. Koma patapita zaka, ku Antiokeya, anasiya kudya ndi akhristu amitundu chifukwa choopa anthu, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Akhristu a ku Korinto akutchedwa oyera mtima kumayambiriro kwa kalata yawo, koma m'kalata yomweyo akudzudzulidwa chifukwa cha magawano, dama, kusumirana kumabwalo a milandu, ndiponso kuledzera pa Mgonero. Yohane, polembera okhulupirira, akuti wodzinenera kuti alibe tchimo akudzinamiza yekha, ndipo pomwepo akuwatsimikizira kuti ali ndi Nkhoswe kwa Atate (1 Yohane 1:8 mpaka 2:1).

Ambiri amathamangira ku Aroma 7, pamene Paulo akudandaula kuti zabwino zimene amafuna zimamukanika, zoipa zimene amadana nazo n'zimene amachita. Akatswiri a Baibulo amasiyana maganizo pa mutu umenewu: ena amati akukamba za moyo wake asanatembenuke, ena amati za moyo wa wokhulupirira. Koma pa Agalatiya 5:17 palibe mtsutso. Akulembera akhristu, ndipo akuti thupi ndi Mzimu zimalimbana mkati mwawo.

Mpingo unayankha kale

Funsoli silinayambire mu Lusaka. M'zaka za m'ma 400 kunali mphunzitsi wina dzina lake Pelagius amene ankati munthu angathe kukhala wosachimwa ngati atsimikiza mtima. Amene anamutsutsa kwambiri anali munthu wa mu Africa muno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mu 418 msonkhano wa mabishopu ku Carthage unagamula kuti oyera mtima akamapempha chikhululukiro m'Pemphero la Ambuye, sachita izi mongodzichepetsa ayi, koma amanena zoona za iwo eni. Taganizani, Ambuye anatipatsa pemphero la tsiku ndi tsiku lokhala ndi pempho la chikhululukiro ndi pempho lotipewetsa mayesero. Iye ankadziwa ophunzira ake.

Mipingo yathu ya Chiprotestanti ikugwirizana pa mfundoyi. Martin Luther ankaphunzitsa kuti mkhristu ndi wolungama ndiponso wochimwa pa nthawi imodzi: wolungama mwa Khristu, wochimwa mwa iye yekha. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene a Reformed Church in Zambia amaugwiritsa ntchito, pa funso 114 amaphunzitsa kuti ngakhale oyera mtima kwambiri ali ndi chiyambi chochepa chabe cha kumvera m'moyo uno, komabe amayamba ndi mtima wonse kutsata malamulo onse a Mulungu. Chivomerezo cha Westminster cha a Presbyterian, pa mutu 13, chimafotokoza kuyeretsedwa ngati nkhondo yosatha. Mfundo 39 za a Anglican, pa mfundo 9, zimavomereza kuti kuipa kwa chibadwa kumatsalira ngakhale mwa obadwanso mwatsopano. John Wesley, tate wa a Methodist amene analowa nawo mu United Church of Zambia mu 1965, ankalimbikira kwambiri za chiyero, komabe mu 1763 analemba ulaliki wonena za tchimo mwa okhulupirira, momwe anaphunzitsa kuti tchimo limatsalira ngakhale silikulamuliranso.

Adani atatu

Katekisma wa Heidelberg yemweyo, pa funso 127, amatchula adani atatu amene saleka kutiukira: thupi lathu, dziko lapansi ndi Satana.

Thupi pano si khungu ndi mafupa, koma chibadwa chakale chodzikonda, pamodzi ndi zizolowezi zimene chinakumba mwa ife. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Tonse timaona mvula ikagwa mu Januwale momwe madzi amabwererera m'malo omwewo chaka ndi chaka. Munthu amene kwa zaka 20 ankathetsa nkhawa zake ndi mowa, tsiku limene zinthu zavuta kuntchito miyendo yake imakumbukira njira ya kubala, ngakhale mtima wake uli watsopano. Mayi amene anakulira m'nyumba ya zolalata adzapeza mawu omwewo pakamwa pake ana akamukwiyitsa. Khwawa latsopano limakumbidwa ndi nthawi.

Dziko lapansi ndi kachitidwe ka zinthu kotizungulira kamene kamaonetsa tchimo ngati chinthu wamba. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. Koma chilengezo sichichotsa mayesero m'misewu. Mnyamata wa ku Kabwata wopanda ntchito amadutsa malo obetchera pa ulendo uliwonse wopita kumsika, ndipo masiku ano njugayo ili m'foni yake momwe. Wogulitsa ku Soweto kapena ku City Market amayesedwa kuchenjeretsa kasitomala chifukwa anzake onse amatero. Wogwira ntchito m'ofesi wochokera ku Chelstone, amene malipiro ake anathera ku kaloba mwezi usanafike pakati, amapatsidwa envulopu kuti fayilo iyende msanga. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga mipanda ndi yaitali, koma kunyada, kupondereza antchito apakhomo, chibwenzi chamseri ndi zithunzi zolaula za pa intaneti sizifunsa chilolezo pageti. Mayesero amasintha zovala kutengera dera, koma safuna adiresi. Si pachabe kuti tsiku la 18 Okutobala, limene linakhazikitsidwa mu 2015 kukhala la mapemphero a dziko lonse, lilinso tsiku la kulapa.

Satana ndi weniweni, ndipo Petro akutichenjeza kuti tikhale maso (1 Petro 5:8). Koma tisamupatse ulemu woposa. Yakobo 1:14-15 akuti munthu amakopedwa ndi chilakolako chake chomwe, ndipo chilakolakocho chikaima chimabala tchimo. Tikamatcha cholakwa chilichonse kuti ndi mzimu wa chakuti kapena temberero la makolo, timathawa udindo wolapa, n'kumadikira munthu wina kuti atulutse chimene Mulungu watilamula kuti tichiphe tokha mothandizidwa ndi Mzimu (Aroma 8:13). Chida chachikulu cha Satana pa mkhristu wagwa ndicho kumuneneza kuti Mulungu watopa naye, kuti asabwererenso.

Kusiyanitsa zinthu ziwiri

Choyamba, kuyesedwa si kuchimwa. Ambuye Yesu anayesedwa m'zonse monga ife koma sanachimwe (Ahebri 4:15). Ganizo loipa likabwera inu n'kulikana, simunagwe, mwapambana.

Chachiwiri, kulimbana ndi tchimo n'kosiyana ndi kukhala nalo mwamtendere. Maliro samva kuwawa. Munthu wakufa mu uzimu tchimo silimusowetsa tulo, amangoopa kugwidwa. Ngati tchimo lanu limakupwetekani chifukwa lalakwira Mulungu, ngati mumalida ndi kufuna kumasuka, chimenecho ndi chizindikiro cha moyo. Ndipo nthawi zambiri munthu akamayandikira kwa Mulungu m'pamene amaona zolakwa zimene kale sankaziona, monga fumbi limaonekera m'nyumba dzuwa likalowa pawindo.

Koma pano tichenjezane mwachikondi. Chiphunzitsochi si chilolezo. Paulo anakana kwamtuwagalu maganizo akuti tizichimwabe kuti chisomo chichuluke (Aroma 6:1-2). Amene ali ndi nyumba yachiwiri yobisika, kapena amamenya mkazi wake, kapena amadya ndalama za mpingo, ndipo alibe maganizo osiya, asabisale kuseri kwa mawu akuti tonse ndife ochimwa. Ameneyo sakulimbana, wagwirizana ndi mdani, ndipo ayenera kudziyesa ngati alidi m'chikhulupiriro (2 Akorinto 13:5). Komanso kumene kuli nkhanza kwa mayi kapena mwana, kulapa sikuletsa kuti nkhaniyo ikafike ku polisi.

Nanga tichite chiyani?

Tilape msanga, ndipo titchule tchimo ndi dzina lake pamaso pa Mulungu. Sitifunikira kubadwanso kachiwiri kapena kubatizidwanso. Mwana akalakwira bambo ake salembetsanso dzina, amapepesa. Ngati talanda kanthu, tibweze. Ngati tanamizira munthu, tikakonze.

Titseke njira. Paulo akutitsimikizira kuti Mulungu amaika populumukira pa yesero lililonse (1 Akorinto 10:13), ndipo kawirikawiri populumukirapo ndi pa zinthu wamba: kufufuta nambala ija, kuchotsa pulogalamu yobetchera m'foni, kusintha njira yobwerera kunyumba, kupereka malipiro kwa amayi akunyumba tsiku lomwe alowa. Yosefe sanaime kuti apemphere m'chipinda cha mkazi wa Potifara, anathawa.

Tisamenye nkhondoyi patokha. Mutu umodzi susenza denga. Chitsitsimutso cha kum'mawa kwa Africa, chimene chinayambira ku Gahini ku Rwanda m'zaka za m'ma 1930 n'kufalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, chinadziwika ndi akhristu okumana m'magulu ang'onoang'ono kuululirana zolakwa ndi kupemphererana, monga Yakobo 5:16 akulangizira. Sitikunena kuti muime kutsogolo kwa mpingo ndi kuulula zonse. Pezani mkhristu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, mwamuna kwa mwamuna, mayi kwa mayi. Amene wagwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo apitenso kuchipatala. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Tisathawe Mawu, pemphero ndi Mgonero. Gome la Ambuye silinakonzedwere anthu amene afika kale, koma ochimwa olapa. Wodwala sasiya kudya chifukwa choti wafooka.

Kwa ife akulu ampingo, atsogoleri a chigwirizano cha amayi, a madodana ndi a achinyamata, Agalatiya 6:1 akutiuza kuti tibweze wogwa mofatsa, tikudziyang'anira tokha. Nkhani imene mkhristu watiuza mwamseri ikamveka m'minibasi ya ku Kulima Tower, tatsekera pakamwa anthu ena khumi amene akanabwera. Mwambo wa mpingo cholinga chake ndi kubweza nkhosa m'khola, osati kuichititsa manyazi.

Ngati mwakhala kutali chifukwa cha manyazi, bwerani Lamlungu lino. Onanani ndi abusa kapena mkulu wa m'dera lanu. Amene anayamba ntchito yabwino mwa inu sanaisiye panjira, ndipo analonjeza kuti adzaitsiriza (Afilipi 1:6). Ambuye akusungeni nonse.