Tambala Wolusa ndi Ana Aang'ono

Pa tchuthi chapitachi ndinaona chinthu chimene chinandipatsa maganizo, ndipo ndati ndikufotokozereni, anzanga, pakuti ambiri a ife tili ndi abale athu aang'ono kumudzi. Mlongo wanga wa zaka ziwiri anakhala pabwalo akudya chimanga chootcha. Tambala wathu wofiira anamyandikira cham'mbali, ndipo mwadzidzidzi anamlumphira namkanda pa tsaya, pafupi zedi ndi diso. Amayi anambereka nathamangira naye kuchipatala. Balalo linapola, koma chipsera chilipo kufikira lero.

Nanga tambala amachitiranji zotere? Nkhuku zathuzi zinachokera ku nkhuku za m'thengo za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo ntchito ya tambala kuyambira kale ndiyo kulondera zazikazi. Nonse mudamumvapo akuchenjeza nkhuku pamene kabawi ali kuuluka pamwamba. Chinanso ndi ichi: nkhuku zili ndi maufumu pakati pao. Munthu wina wa ku Norway, dzina lake Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafotokoza m'zaka za m'ma 1920 kuti nkhuku iliyonse imadziwa imene ingaijomphe ndi imene iyenera kuipewa. Tambala amadziyesa mfumu ya bwalo lonse, ndipo akaona chinthu chimene achiyesa mdani kapena wolanda ufumu wake, amalimbana nacho. Ukali umenewu kawirikawiri umayamba pamene wakwanitsa miyezi 4 kufikira 6, nthawi imene amayamba kulira ndi kukwera zazikazi. N'chifukwa chake mwanapiye amene ana ankamseweretsa m'manja angathe kusanduka chilombo pa miyezi yowerengeka.

Ana aang'ono ndiwo amavutika koposa, ndipo zifukwa zake n'zosabisika. Mwana ndi wamfupi, kotero kuti nkhope yake ili pa msinkhu umene tambala amafikapo akalumpha. Amakonda kuthamangitsa anapiye ndi kukuwa, ndiponso nthawi zambiri amakhala ndi chakudya m'manja. Akaopsedwa amathawa, mwina kugwa kumene, ndipo tambala amaphunzira kuti uyu ndiye wogonja. Mawa lake amamtsatanso.

Chida choopsa cha tambala si mlomo wokha ayi. Kumbuyo kwa mwendo uliwonse kumamera chikhadabo chakuthwa ngati munga, chimene chimatalika pamene tambalayo akukalamba. Akalumpha amaponya miyendo patsogolo, ndipo chikhadabocho chimalasa mozama ngakhale bala lioneke laling'ono kunja.

Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma tambala yekha amaimba ng'oma yake tisanalasidwe. Akafuna ndewu amaimika nthenga za m'khosi, amagwetsa phiko limodzi pansi, amayenda cham'mbali akukuyang'anani ndi diso limodzi, ndipo nthawi zina amajompha pansi ngati akudya pamene akuyandikira. Mukaona zimenezi nyamulani mwana msanga.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, mwana wosakwana zaka 5 asasiyidwe yekha pamene pali tambala wokayikitsa. Kusiya khanda m'manja mwa kamwana kanzake sikukwanira. Ana azidyera m'nyumba kapena pakhonde pamene pali wamkulu, ndipo madeya a nkhuku tizithira kutali ndi malo osewerera. Ngati tambalayo wayamba kale kulusa, atsekeredwe m'khola kapena avundikiridwe ndi dengu lalikulu pamthunzi, ali ndi madzi akumwa, nthawi imene ana ali pabwalo.

Chachiwiri, ana okulirapo tiwaphunzitse kuti asamagende nkhuku, asamagwire anapiye pamaso pa tambala, ndiponso asamathawe. Aime chilili, nkhope itayang'ana tambalayo, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kuitana wamkulu. Ife akulu tingathe kumtchinga ndi tsache kapena lichero. Kummenya ndi ndodo kapena kumponda sikuthandiza, chifukwa iye amaona ngati ndewu yayamba, ndipo mkwiyo wake adzakauthera pa wochepa mphamvu.

Chachitatu, tiwerenge nkhuku zathu. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Oweta nkhuku amati tambala mmodzi akwanira zazikazi pafupifupi 10, ndipo atambala akachuluka ndewu sizitha pabwalo. Nsonga ya chikhadabo chija ingathe kupalidwa kuti ibunthe, koma ntchitoyi aichite munthu wodziwa, chifukwa mkati mwake muli fupa ndi magazi. Mlangizi wa ziweto angathandize pamenepa.

Ngozi ikachitika, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyera ambiri, ndipo mulimange ndi nsalu yochapa. Musathirepo dothi, phulusa kapena ndowe. Mapazi a nkhuku amaponda zonyansa tsiku lonse, ndipo bala lozama lingathe kulowetsa tizilombo ta kafumbata. Ngati balalo ndi lozama, kapena lili kumaso ndi kumutu, kapena layamba kutupa ndi kutuluka mafinya, pitani ndi mwanayo kuchipatala mosazengereza, mutatenga buku lake la katemera.

Potsiriza, pali atambala ena amene sasintha ngakhale muchite zotani. Wathu uja atate anali kumkonda chifukwa cha kukula kwake, ndipo anazengereza masiku atatu. Koma agogo anawafunsa kuti, "Kodi inu, diso la mwana mudzaligula kumsika uti?" Madzulo ake tinadyera nsima tambalayo. Kumpereka kwa anansi amene ali ndi ana kukanakhala kungosamutsa tsoka.

Anzanga, tchuthi chayandikira. Tikafika kwathu, tisanayambe kusimba za kusukulu, tiyeni tiyambe taona m'mene tambala wa pakhomo amayendera pamene ang'ono athu akusewera.